Galimoto Inali Pakhomo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1951, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuwerengane ndine mng'ono wawo wotsiriza. Atamaliza pulayimale mu 1966 analowa pa galaja kutsuka zitsulo, mpaka anakhala makaniko. Mu 1977 anamanga banja ndi alamu athu ali apawa.

Mu 1989 anagula galimoto yakale ya magiya apamanja. Anaiyendetsa zaka 35, makilomita oposa 600,000, giyabokosi yake yomweyo. Kilatchi anangosintha kawiri. Oyilo wa m'giyabokosi ankamukhuthulira m'mbale n'kumufikisa ndi zala, kufufuza tizitsulo. Akakwera galimoto ya wina, maso awo ankakhala pa phazi lamanzere la dalaivala, kuona ngati lagonera pa kilatchi. N'chifukwa chake tinkawatcha a Chotsaphazi.

Apa ndilankhule chilungamo, ngakhale chikundiwawa. Mu 2001 anayamba kuphunzitsa mwana wawo wamkazi woyamba kuyendetsa. Tsiku lachiwiri kilatchi inanunkha. Anamutsitsa pampando, ati galimotoyi yakalamba, si yophunzirirapo. Mwanayo sanagwirenso chiwongolero, ang'ono ake nawonso anaopa. Ife tinangoseka. Palibe amene anawakumbutsa kuti eni ake nawonso akukalamba.

Pa 4 Juni chaka chino, m'mawa, anagwa pakhonde, mbali imodzi itafa. Galimoto inali pakhomo, mafuta odzaza, makiyi ali pamsomali. Mwana uja anawalowetsa pampando wakumbuyo n'kuyesa kunyamuka. Kanayi konse inazima isanafike pageti. Malemu, pakamwa patapotoka, ankavutika kumuuza kuti achotse phazi pa kilatchi pang'onopang'ono. Galimoto ya mnansi inapezeka patatha maola awiri, ndipo madokotala anati tachedwa.

Pa 5 Juni anapempha pepala. Analemba movutikira kuti makiyi apatsidwe mwana wawoyo, aphunzitsidwe, kilatchi ikapsa ipse. M'mawa mwake anatisiya.

Mwana wanga, usadziimbe mlandu. Wolakwa si iwe. Tinalakwa ndife akuluakulu amene tinaseka tsiku lija.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anansi amene anatithamangitsira kuchipatala, anamwino, ndi amakaniko anzawo amene anyamula bokosi lero. Mmodzi wa amakanikowa wavomera kuyamba kumuphunzitsa mwanayu sabata yamawa, pa galimoto yomweyo.

Achimwene, mwafika, chotsani phazi. Mzimu wanu uuse mumtendere.