Thabwa Lotsekera Zenera

"Amake Chiku, nanga dzanja la amunanu likapanda kudzuka, mudzatani?" Anandifunsa choncho Abiti Saidi, neba wanga, tikuchapa. Ine ndinangopitiriza kufinya matewera.

Moni abale ndi alongo nonse amene mukuwerenga. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Nkope koma ndinakwatiwa ku Chembe. Ndikufuna kuchitira umboni za chaka chimene amuna anga anadwala sitiroko n'kutaya mtima wokhala ndi moyo.

Amuna anga ndi ojambula zithunzi za penti. Zaka zonse ankajambulira alendo a m'maloji, tizithunzi ta msangamsanga, tojambula lero mawa tapita. Koma mtima wawo unali pa chionetsero chomwe chimachitika kamodzi pachaka ku boma, ku Mangochi. Ojambula a chigawo chonse amapereka ntchito zawo, ndiye pamakhala majaji osankha. Chomwe achikana chimabwerera kunyumba osapachikidwa. Amuna anga anakonzekera pafupifupi chaka chathunthu, zithunzi zikuluzikulu.

Nsalu yeniyeni ya ojambula ndi yodula. Iwo ankagula nsalu wamba yoyera, kuikoka pa timatabwa, n'kuipaka phala la ufa wa chinangwa kuti ilimbe, penti asalowerere. Phalalo ndinkaphika ndine. Sitinaonepo vuto lake, chifukwa zithunzi za alendo sizinkakhalitsa m'nyumba.

Tsiku lina amuna anga anagwa akutsuka maburashi. Pakamwa panakhota, mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa. Tili kuchipatala cha ku boma, alamu anga anakulunga zithunzi zija m'masaka n'kuzikweza kudenga poopa akuba. Anachita mwa chifundo. Inali nthawi ya mvula, ndipo kuchipatalako tinakhalitsa.

Titabwerera ndinatsitsa mtolo uja. Nditangomasula chingwe, mphemvu zinabalalika pamapazi panga. Zinali zitadya phala lonse kuseri kwa penti, makoswe anaboola, chuku chinamalizitsa. Ukakhudza, penti ankayoyoka ngati mamba a nsomba. Ndinayang'ana chimodzichimodzi, mwina chapulumukapo china. Panalibe.

Amuna anga ankaonerera ali pamphasa. Sanalire. Anangotembenukira kukhoma.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukana chakudya. Zolimbitsa mkono zomwe anatiphunzitsa kuchipatala anazikana. Ndikawagwira amachotsa dzanja langa. Mawu ankatuluka movutikira, koma awa ndinawamva bwinobwino: "Ukanandisiya konkuja." Ndinkasambitsa khanda, kutaya madzi, kuthira ena m'beseni lomwelo n'kusambitsa bambo ake. Thupi linkatha ndikuona, nthiti kuonekera. Ndinadziwa kuti sitiroko yawasiya amoyo, koma kutaya mtima kudzawapha. Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzaimba, iwo osatembenuka n'komwe. Ine mapemphero aatali anandithera. Ndinkangonena ndikusesa kuti, "Ambuye, dzanja sindikupemphanso. Ndibwezereni munthuyu basi."

Tsiku lina Abiti Saidi analowa kuchipinda kudzawazonda. Zenera lathu lilibe galasi, tinalitseka ndi thabwa lochoka ku boti lophwasuka. Mkati mwake amuna anga anajambulapo kalekale, poyesa penti wotsalira, azimayi akuyanika usipa pathandala. Ife tinkangoliona ngati chotsekera mphepo.

"Nanga ichi si chithunzi?" anatero Abiti Saidi. "Uyu si ine uyu, ndi mpango wangawu? Mashallah, achimwene, munandinenepetsa chonchi ndinakudyerani chiyani?"

Amuna anga sanaseke. Koma Abiti Saidi anandikokera panja. "Zulani thabwalo mupite nalo kuchionetsero kuja. Ana ndisiyireni. Majaji akakana akakane, simufa nazo."

Ndinalizula ndi chikwanje, pazenera ndinakhomapo thumba, ndinakwera matola. Ku holo ya chionetsero ndinachita manyazi. Anzathu anabwera ndi za mafelemu owala, ine thabwa la mabowo a misomali, lonunkha utsi. Mayi amene ankalandira anangoti, "Ikani apo, majaji aona." Ndinabwerera ndilibe chiyembekezo, ndipo kunyumba sindinauze munthu kuti ndikudikira chilichonse.

Kenako a ku holo kuja anaimba foni: alisankha, alipachika.

Ndisakunamizeni abale anga. Mphoto silinapate, ndipo palibe analigula. Amuna anga anakana kupita kukaliona, mpaka alamu anga ndi azibambo a kutchalitchi anachita kuwanyamula kuwakweza galimoto. M'holomo anaima atatsamira phewa langa, kuyang'ana thabwa lija nthawi yaitali. Ndinkati alira ndi chimwemwe. M'malo mwake anati, "Mwendo wa mayi uyo ndinaulakwitsa. Anthu onsewa akuona zimenezi?"

Anali atakwiya zenizeni. Ine ndinasangalala, chifukwa chiyambire kudwala anali asanasamalepo kanthu kalikonse. Pobwerera anapempha nthochi, anadya ziwiri. Titafika anati ndiwapatse khala la pamoto ndi katoni. Anagwira ndi dzanja la kumanzere.

Zomwe akujambula pano zikufanana ndi za mwana wa sitandade wani. Amang'amba, kutukwana, kuyambiranso. Masiku ena amatembenukirabe kukhoma. Koma akudya, ndipo akumayenda ndi ndodo mpaka pa mpanda.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mayi wa Chisilamu, ine wa Angilikani. Inu amene mukusamalira wodwala wofooka mtima, musatope, ngakhale pemphero lanu litatsala la mawu ochepa. Koma musayembekezere kuti zonse zidzabwerera. Ife zathu sizinabwerere.

Tinataya zithunzi zisanu ndi zinayi, ntchito ya chaka chathunthu, makasitomala a m'maloji, ndi dzanja la kumanja la bambo a Chiku.