Kanyali ka Mwana Yesu

Pa siteji ya majipi onyamula anthu mumzinda wa Iloilo, mayi wina anafika thovu la sopo lili m'manja, n'kuima kumbuyo kwa bambo wachikulire.

"Mwathawa zochapa, mayi?"

"Mwana wanga Efren wagwera m'ngalande ndi galimoto. Akuti chiwongolero chinalimba. Ndamukalipira kuti ndi mowa."

"Chimalimba akathamanga, magetsi n'kumaphethira?"

"Amatero. Koma kwa makaniko chimakhala bwinobwino. Pano aitulutsa, akufuna kuiyendetsanso."

"Yanganso yakale inkatero. Waya wa kanyali kounikira chifanizo cha Mwana Yesu m'galimotomo anamulumikiza ku waya wa chiwongolero."

"Kanyaliko ndinaikitsa ndine, kuti kazimuteteza pamsewu."

"Mwina si chimenecho. Jipi yafika, kwerani inuyo, ine ndidikira ina."

Mayiyo sanakwere. Anatulutsa foni.

"Efren, usailize galimotoyo. Ukundimva? Ndikhululukire, mwana wanga."