Mpando Wochotsa Ukawalala

Pa siteji ya minibasi ku Chawama, bambo wina wachikulire ankacheza ndi mayi amene ananyamula chakudya cha mwana wake wa kundende.

"Kudala, zaka za kumbuyo, pa TV banaonetsa filimu ya mashini, amai. Kawalala bamunkhazika pa mpando, bamuvalika chisote cha mawaya, ukawalala wonse wachoka mu mutu."

"Ili kuti iyo mashini, ba tate?"

"Ni va mu filimu chabe."

"Mwana wanga Moven achoka mu ndende pa Chisanu. Ba mu komboni bakamba kuti akabanso foni bazamushoka na moto wa tayala."

"Simunamupeleke kuli ba pasta?"

"Katatu konse. Na mankhwala ya sing'anga wa ku Katete tinamusambika."

"Koma mashini ija siinali yabwino. Munthu anachokapo ongosekelela. Na bamai bake sanabazibe."

"Anali kudya?"

"Anali kudya."

"Anali kugona mu nyumba?"

"Ee. Koma amai, mwana wanu azikupitilirani monga mulendo?"

"Mwana wa neba wanga anali kubaziba bwino bamai bake, ba tate. Banamushoka na tayala. Tinamushika ku manda mu Juni, bokosi sitinasegule. Wanga olo aniitane ati anti, nizamupikila."