Chigayo Chimene Ndinafuna Kuthawa Nacho

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo.

Ndine Fausitino Mbewe. Ambiri mumandidziwa ndi chigayo cha pamsewu wa ku Nsadzo. Kuima pamaso pa anthu n'kumanena mavuto anga si khalidwe langa. Abusa ndiwo andiumiriza. Ndalemba papepala kuti ndinene zofunika zokha, ndikhale pansi.

Nkhondo itatha ndinabwerako ku Zambia ndi akazi anga, ana ndi khasu. Basi. Ndinalima fodya, fodya anagula ng'ombe, ng'ombe zinagula chigayo. Palibe anandipatsa. Chigayo chimenecho chinaphunzitsa ana anga. Lero msana wakana khasu, ndipo ndicho chimatidyetsa ine ndi amayi kunyumba.

Tsiku lina mwana wanga Arimando anati, “Atate, sukulu ina yogonera komweko ikufuna ufa wambiri, koma sigula kwa munthu wamba. Ikufuna empreza, kampani yolembetsa ku boma, yopereka fatura, pepala losonyeza zimene wagulitsa.” Ndinavomera. Tinalembetsa. Anthu anayamba kunditcha mwini empreza, ndipo ndinagula chipewa chatsopano.

Abale, msonkho sindinaukanepo. Mundimve bwino pamenepo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti empreza imadya mapepala kuposa mmene injini imamwera mafuta. Chaka chilichonse imafunika kukanena ku finansa, kumene timalipira msonkho, zonse zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Ndipo sunena wekha. Pamafunika kontabilista, munthu wophunzira zowerengera, kuti alembe ndi kusaina. Wathu anali mumzinda wa Tete. Kukwera mota, njinga yamoto, mpaka pamsewu waukulu, kudikira chapa, minibasi yathu ija, kufika ofesi atatseka, kugona kwa achibale. Mawa lake akuti pepala lina lasowa, bwererani.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi nthawi ya Apwitikizi, ndipo Chipwitikizi ndimawerenga. Koma cha pamapepala aja n'china.

Kontabilista ankandifunsa, “Madala, izi mwalemba apa ndi ndalama zingati?”

“Si ndalama. Ndi nkhuku. Mayi wina anagayitsa, nalipira nkhuku.”

“Resibu yake, lisiti la malipirowo, ili kuti?”

“Nkhukuyo tinadya.”

Iye anaseka. Ine sindinaseke. Kwathu kuno munthu amalipira ndi mbale ya chimanga, wina amasiya gaga. Mafuta timagula m'mabotolo ku Cassacatiza, pamalire, kwa anthu osadziwa n'komwe kuti resibu n'chiyani. Komabe Arimando ankalimbana nazo, zaka zinkapita.

Kenaka injini inafa. Arimando anapeza ntchito kutali, ku Beira. Chigayo chinakhala chete mvula ziwiri.

Tsono tamverani. Kwathu munda ukatopa timaugoneka, umakhala tsala. Tsala supitako ndi khasu, ndipo palibe amakufunsa kuti wakololamo chiyani. Ine ndinati empreza nayo ndaigoneka. Ndinatseka chitseko, ndinaika loko. Mudzi wonse unkadziwa kuti chigayo cha a Mbewe chafa. Amayi ankayenda mtunda ndi matumba pamutu kukagayitsa kwina. Ndinkati zimene akudziwa anthu onsewa, boma nalo likudziwa. Ndikanene chiyani ku Tete popeza sindinagaye ngakhale mbale imodzi?

Nditagulitsa ng'ombe ndinakonzetsa injini. Inalira. Ndinathokoza Mulungu. A kusukulu aja anati, “Bweretsani pepala la ku finansa losonyeza kuti empreza yanu ilibe mlandu, tiyambirenso kugula.” Ndinavala jekete, ndinapita ku Tete mutu uli m'mwamba.

Mayi amene ndinamupeza pa tebulo anayang'ana m'makina ake. Anandilankhula mwaulemu, sindinganame.

“Abambo, empreza yanu sinabweretse mapepala zaka ziwiri.”

“Sinagwire ntchito.”

“Ngakhale isagwire ntchito, imayenera kubwera kudzanena kuti sinagwire. Ikangokhala chete pamakhala multa, chilango cha ndalama. Mukapitiriza kukhala chete, nkhani imatha kufika pa katundu wa empreza.”

Katundu wa empreza! Abale, empreza yanga ili ndi katundu mmodzi yekha.

Ndinabwerera osauza munthu. Chakudya chinasiya kutsika. Ndikamva mota pamsewu ndinkazimitsa injini n'kusuzumira pazenera. Munthu wovala malaya oyera akatsika panjinga, ndinkati ndi wa ku finansa, pamene mwina wangobwera kudzafunsa njira. Kutchalitchi kuno ndinkakhala pabenchi langa lakutsogolo, koma maso ali kuchitseko. Munkaimba, ine ndikuwerenga nkhope za alendo. Mutu unkagunda. Ku chipatala cha ku Chifunde anati magazi akuthamanga kwambiri, n'kundifunsa ngati pali chimene chikundivuta. Ndinati palibe.

Ndinkaona m'maganizo galimoto itaima pakhomo, anthu akukweza injini yanga, mudzi wonse ukuonerera. Ine Mbewe! Pa ukalamba wanga ndikapemphe ufa kwa ana?

Pamenepo woipa anandipatsa nzeru yake. Malire ali pafupi. Njira za m'tchire ndimazidziwa, ndinaziyenda kale. Ndinati ndimasule injini, ndiikweze pangolo, ndiifunditse mapesi, ndikaisiye kwa mlamu wanga kutsidya, ku Zambia. Akabwera apeze nyumba yopanda kanthu.

Tsiku lina masana ndinauza anthu kuti chigayo chavutanso, abwerere. Ndinatseka chitseko, ndinatenga sipanala. Ndinayamba kumasula injini. Ndili chogwada, bawuti lomaliza lili m'manja, chitseko chinatseguka. Anali akazi anga, Anaphiri, atabweretsa thobwa.

Anayang'ana mabawuti pansi. Anayang'ana ngolo panja.

“Abambo a Arimando, mukupita nacho kuti?”

Ndinaika bawuti pansi.

“Ndakufunsani.”

Ndinawauza zonse. Anaika chikho pansi.

“Tinathawa mfuti ndili ndi mwana kumsana, sindinadandaule. Lero mukuti tithawe pepala? Ine ndakalamba. Mukapita, mupite nokha. Ndipo kumalireko akakugwirani ndi injini pangolo, mukanena kuti ndi mapesi olemera?”

Sanadikire yankho. Anapita kukaitana asewere anga, a Mateyu, bambo wa mkazi wa Arimando, amene ali mkulu wa mpingo uno. Awo akhala apowo akumwetulira. Ndinakwiya. Munthu wina aliyense akanatha kundiona chonchi, koma osati asewere.

Analowa, anaona mafuta m'manja mwanga.

“Asewere, ndamva kuti empreza ikusamukira kunja. Mwatikumbukira ife osauka?”

“Ngati mwabwera kudzaseka, khomo ndi ilo.”

“Ndaseka kale m'njira. Tsopano gwadani.”

“Ndagwada kale.”

“Mwagwadira injini. Gwadirani mwini wake.”

Tinapemphera pomwepo, paufa ndi mafuta. Ine sindilira pamaso pa anthu. Tsiku limenelo fumbi la gaga linandilowa m'maso kwambiri. Ndinati, Ambuye, ndakhala ndikudzinyamula ndekha moyo wanga wonse, apa ndalephera. Mawu anga anali omwewo.

Mantha sanachoke, abale. Musamve ngati anachoka. Koma ndinapeza mphamvu yokwera chapa kulowera ku Tete m'malo molowera kutsidya. Asewere anandiperekeza, akundisereula njira yonse kuti ndisaganize.

Kontabilista anadzaza mapepala a zaka zimene chigayo chinali chete. Ndinawaona ndi maso anga. Ziro, ziro, ziro, tsamba ndi tsamba. Kuvutika konseku chifukwa cha mapepala onena kuti palibe! Kenaka anati ndilembe kalata yopempha kuti multa ndilipire pang'onopang'ono. Mawu akuti “ndikupempha” sindinawalembepo kwa munthu. Ndinawalemba. Cholembera chinali cholemera kuposa sipanala.

Tinadikira. Kudikirako kunali kowawa kuposa zonse. Foni ikalira ndinkaithamangira. Anaphiri ankapemphera m'mawa uliwonse mokweza, dala, kuti ndimve.

Yankho linabwera. Anavomera. Chigayo sanachikhudze. Aleluya!

Lero ndikulipira monga tinapanganirana, sindinaphonyepo. Mayi uja wa ku finansa anandiuza kuti pali msonkho wa anthu a malonda aang'ono, wopanda mapepala ambiri, umene ukanandiyenera kuyambira pachiyambi. Ndikufuna kutseka empreza ndilowe kumeneko. Koma kutseka nakonso kuli ndi mapepala ake, ndipo Arimando ayenera kusaina ali ku Beira. Sizinathe. Mwezi wamawa ndipitanso ku Tete. Mota ikadutsa ndimatcherabe khutu. Mundipempherere.

Inu achinyamata amene mukufuna kutchedwa eni empreza, funsani kaye zimene empreza imafuna chaka ndi chaka, ikamagwira ntchito ndi ikaima. Musafunse anzanu pamsika. Kafunseni ku finansa, kwa eni ake.

Ndithokoza Mulungu amene anatumiza thobwa pa nthawi yake. Ndithokoza Anaphiri. Asewere ndawathokoza kale kamodzi, zakwana.

Injini ndinaibwezera pamalo pake. Mabawuti ndinamanga ndekha, kenaka ndinasakaniza simenti n'kuthira pamwamba pake mpaka onse anabisika. Ngakhale mantha atandigwiranso, sindingathe kuimasula. Amene adzabwere ndi pepala adzandipeza pakhomo, chigayo chikulira.

Ambuye alemekezeke. Ameni.