Foni ya ku Joni ndi Chulu cha Kwathu

"Mayi a mwana, foni yodula chonchi mpaka kukwera nayo pachulu?" anandifunsa akuseka mayi oyandikana nawo nyumba. Foniyo ananditumizira amuna anga kuchokera ku Joni, koma kumudzi kuno netiweki inkagwira pokhapokha ndikakwera pachulupo.

Manyazi atandigwira, ndinapita nayo kwa wokonza mafoni pa Bangula. Iye anati, "Mayi, ikungofunika kuifulasha, izigwira ndi m'nyumba momwe." Ndinavomera osafunsa kuti kufulasha n'kutani. Anafufuta zonse zimene zinalimo.

Mpaka lero ndimakwerabe pachulu chomwecho, mwana ali kumsana, ndipo manyazi aja anatha. Omvera anzanga, muzifunsa kaye. Ine ndinataya zithunzi zonse za mwana wanga kuyambira tsiku lobadwa, ndiponso mawu a malemu mayi anga akumuimbira nyimbo ya Chisena.