Msewu wa Kaunjika

Pa siteji ya basi, mayi wina anakhalira chikwama chake, maso ali pa makina amene ankakumba ndi kupera phula la msewu wakale. Mtima utakana kukhazikika, anatembenukira bambo wovala chipewa cha ogwira ntchito pamsewu.

"Bambo, phula lakuthali mukulibwezeranso pansi? Ndiye mutipatsatu msewu wa kaunjika!"

"Kaunjika wina amalimba, mayi. Miyala ili m'phulamo sinawole. Timasakaniza ndi miyala yatsopano, n'kupsinja ndi makina kuti akhale maziko. Phula latsopano libwera pamwamba."

"Kusakanizako n'kwa chiyani?"

"Likakhala lokha limafewa kukatentha, malole n'kumasiya mikwasa."

"Nanga mvula?"

"Siliopa kwenikweni, bola madzi asaime."

"Ndikufunsatu chifukwa mwana wanga ndi woyembekezera, ndipo masiku ake ndi a m'dzinja. Chaka chatha mlamu wanga anachirira m'galimoto itatitimira pompano. Khanda silinalire."

"Pepani, mayi. Inatitimira pati?"

"Apo, patsinde pa mtengo uwo."

"Ndiye kuti madzi amaima pamenepo. Ndikawauza akapitawo lero lomwe, tikumbepo ngalande tisanathire phula."