Zomwe Zinachitika M'kati mwa Hatchi ya Nsalu

Ine, Dezső Rigó, wa zaka 52, wobadwira m'mudzi wa Kiszombor, wogona pakali pano m'nyumba ya alendo ya kuseri kwa msika muno mu Miskolc, ntchito yanga ya zisudzo, ndikupereka umboni uwu pa za imfa ya alamu anga a Ödön Pallagi, a zaka 58, yomwe inachitika dzulo Lamulungu pa 15 Novembala 1931 m'nyumba ya zisudzo ya Aranypáva. Ndauzidwa kuti pali amene wanena kuti ndinawaopseza malemuwa ndiponso kuti ndinawamwetsa kanthu asanamwalire. Ndauzidwanso kuti sindikukakamizidwa kulankhula. Ndilankhula.

Ine ndi malemuwa tachita sewero limodzi kwa zaka 22. Tinkavala hatchi ya nsalu. Iwo ankaima kutsogolo atasenza mutu wa hatchiyo, wolemera makilogalamu asanu ndi anayi, wokhala ndi tizingwe togwedezera makutu ndi kuphethiritsa maso. Ine ndinkawerama kumbuyo nditagwira lamba wawo ndi manja onse awiri, chipumi nditatsamiritsa pamsana pawo. M'katimo sindiona kanthu koma pansi pomwe ndikuponda. Akafuna kuti tikhote ankandiuza ndi chiuno. Ine ndikafuna kuti achepetse liwiro ndinkakoka lamba. Wachitatu m'seweroli ndi Jenő Takaró, amene amavala jekete yofiira, kunyamula chikwapu, n'kumachita ngati mwini hatchi.

Malemuwa anakwatira mlongo wanga Etelka mu 1911. Ana analibe. Mu Marichi 1925 tili ku Győr, iwo analandira telegalamu yonena kuti Etelka wadwalika. Linali Lachinayi. Anaipinda n'kuiika m'thumba, tinapitiriza kusewera mpaka Lamulungu, ndipo anandionetsa tili kale m'sitima. Titafika ku Kiszombor tinapeza ataikidwa dzulo lake. Nditawafunsa, anati dzina lathu linali pachikwangwani ndipo anthu anali atagula matikiti. Kuyambira tsiku limenelo sindinawalankhulitsenso. Ntchito sitinasiye, chifukwa theka la hatchi palibe angalilembe ntchito. Tinkagona zipinda zosiyana, kudya pamatebulo osiyana, ndipo pakakhala chofunika chinkadzera mwa Jenő. Onse a m'gulu lathu akudziwa zimenezi.

Pafupifupi masabata atatu apitawo ndinayamba kumva kusintha. Munthu amene umamugwira lamba kawiri pa tsiku umadziwa kapumidwe kake. Tikafika povina ankapuma mobanika, malaya ankanyowa msanga, ndipo kawiri anasokoneza mapondedwe, chinthu chomwe sanachitepo chiyambire. Ndinatuma Jenő kuti awauze akaonane ndi dokotala. Jenő anabwera ndi yankho lakuti madokotala ndi a anthu opanda chochita.

Loweruka cha m'ma 10 koloko m'mawa ndinapita kusitolo ya mankhwala ya pafupi ndi siteshoni. Ndinafotokoza zizindikirozo ngati kuti ndi zanga. Wogulitsayo anandipatsa kabotolo kabulauni ka mankhwala a mtima, nati ndizithira madontho khumi ndi asanu m'madzi, komanso ndikaonane ndi dokotala. Ndi kabotolo komwe mwakapeza m'thumba la jekete yanga. Tsiku limenelo sindinawapatse. Ndinayenda nako m'thumba masewero onse awiri.

Lamulungu sewero la masana limayamba 3 koloko. Ine ndinafika 2 koloko. Chipinda chathu chovalira chili pansi pa siteji, ndipo umatsika masitepe khumi ndi awiri. Ndinapeza alamu atakhala pa sitepe yachisanu, chipewa chili pabondo, dzanja lili pachifuwa, milomo itatuwa. Ndinawadutsa, ndinakatunga madzi m'kapu yamalata, ndinathiramo madontho khumi ndi asanu n'kubwerera. Ndinati, "Imwani, alamu."

Anandiyang'ana. Kenako anati, "Zaka zisanu ndi chimodzi kumbuyo kwa hatchi kuli zii, lero kwatulutsa mawu. Anthu atseke mphuno."

Anamwa madzi onse. Ndinawauza kuti lero asalowe, Jenő akauze bwana wa nyumbayo kuti nambala yathu idumphidwe. Anakana. Ndinati ndiye tisinthane, mutu ndisenze ine. Anati ine sindidziwa kuphethiritsa maso a hatchi, ndipo msana wawo sungathe kuwerama mphindi khumi ndi imodzi. Tinakwezerana mawu. Nthawi imeneyo mayi Sarolta Berki, a agalu ovina, ankatsika masitepe atapanira agalu awiri m'khwapa. Mawu amene akuti anamva ndinawanenadi. Ndinati, "Mukalowa m'hatchimo lero simutulukamo ndi moyo." Mayi Berki anaima nati, "Kodi a Dezső lilime munali nalo?" n'kupitirira.

Alamu anaimirira atagwira khoma. Anati lero mizere isanu yakutsogolo yadzaza ana ochokera kunyumba ya ana amasiye, abwera ndi masisitere awo, ndipo ayenda mtunda wonsewo kudzaona hatchi, osati munthu womeza lupanga. Anandiuza kuti ndivale miyendo yanga ya hatchi. Ndinavala.

Ndondomeko inayenda monga mwa masiku onse. Oimba atatsegula, kunalowa anyamata awiri apachibale oponya mbale m'mwamba n'kumaziwakha. Kenako mayi Berki ndi agalu awo, kenako mayi woimba nyimbo zachikondi, amene ana sanamumvetsere. Womeza lupanga anali wachinayi, wamatsenga wotulutsa nkhunda m'chipewa wachisanu. Ife tinali nambala sikisi, omaliza anthu asanapumule.

Tinalowa m'hatchi 4 koloko yeniyeni. Pakhomo la siteji pali wotchi, ndipo ndimaiyang'ana ndisanawerame. Jenő anamanga zingwe za pamimba pa hatchi. Zingwezo zimamangidwira kunja, amene ali m'kati sangazimasule yekha. Tikudikira kuti wamatsenga atole nkhunda zake, alamu anandifunsa mumdimamo kuti bondo langa lamanzere lili bwanji. Ndinati lili bwino. Anati ndikunama, iwo akhala akufupikitsa pokhota kuyambira chaka chatha ku Debrecen chifukwa cha bondo limenelo, ine n'kumayesa kuti ndi ukalamba wawo. Belu linalira, tinalowa 4 koloko itadutsa ndi mphindi zisanu.

Sewero lathu limayenda motere. Hatchi imakana kukweredwa. Imawerenga ndi chiboda zaka za mwana amene Jenő wamuloza. Imamubera Jenő soseji m'thumba, kenako imavina. Pomaliza Jenő amaiuza kuti mawa ikakoka ngolo ya malasha, hatchi imagwa pansi n'kunamizira kufa. Jenő amalira, kuipepesa, oimba amayamba nyimbo ya asilikali, hatchi imadzuka n'kutuluka ikuguba.

Dzulo mpaka pa soseji zonse zinayenda bwino. Povina ndinakoka lamba kawiri kuti achepetse. Sanachepetse. Titafika pogwa, anagwa msanga Jenő asanamalize mawu a malasha, ndipo anagwera kumanja pomwe masiku onse timagwera kumanzere. Bondo langa linamenya thabwa. Ana anaseka kwambiri.

Tinagona chammbali, nkhope yanga ili pamsana pawo. Ndinkamva mtima wawo ukugunda, kuima, n'kuyambiranso mothamanga. Ndinati, "Alamu, ndikuwa kuti atithandize." Anati ayi. Ndinati ndiye ndimuuze Jenő amasule zingwe. Anabweza dzanja kumbuyo n'kugwira dzanja langa pa lamba. Mawu awo ndikuwakumbukira bwinobwino. Anati, "Osang'amba hatchi ana akuona. Nditulutseni, Dezső. Mundinyamule."

Oimba anayamba nyimbo ya asilikali. Sitinadzuke. Jenő anayesa kuti tikutalikitsa dala, anawonjezera kulira, kenako anagwada pafupi ndi mutu n'kunong'ona kuti, "Dzukani, nkhalamba inu, misozi yandithera." Oimba anayambiranso. Ine m'katimo ndinkafuna pogwira. Ndinasiya lamba, ndinakulunga manja m'chiuno mwawo, ndinagwada, n'kulowetsa phewa pansi pa nthiti zawo. Ulendo woyamba ndinalephera, tinagwanso. Ana anakuwa ndi kuseka. Ulendo wachiwiri ndinaimirira nawo.

Jenő wandiuza kuti akunja anaona hatchi itaima ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo ikulendewera, mutu utapendekera kumbali. Sitinachitepo zimenezi chiyambire. Ine njira sindinkaiona. Ndinalondola kulira kwa ng'oma, yomwe imakhala kumanzere, ndi mzere wa misomali ya m'matabwa. Kuchoka pomwe tinagwera kufika kuseri kwa katani ndinaponda kakhumi ndi kanayi. Anthu ankaomba m'manja ndi kupondaponda mpaka matabwa ankanjenjemera.

Nditaponda kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, alamu analankhulanso. Phokoso linali lalikulu, nsalu inali itandimata pakhutu. Ndinamva dzina la Etelka ndi mawu ena awiri kapena atatu. Mawuwo sindinawagwire, ndipo sindikufuna kuti mulembe zongoganizira.

Titafika kuseri ndinawagoneka pansi n'kukuwa kuti amasule zingwe. Jenő anazidula ndi sizasi ya mayi wosoka zovala zathu. Atachotsa mutu wa hatchi, maso a alamu anali otsegula, pakamwa pali thovu pang'ono. Ankapumabe, koma patalipatali. Bwana anatuluka kutsogolo kwa katani kukafunsa ngati m'holomo muli dokotala. Analimo, mumzere wachisanu ndi chimodzi, atabwera ndi ana ake awiri kudzaonera. Anafika pasanathe mphindi imodzi. Anamasula kolala, anamvetsera pachifuwa, anawatikita, anapempha madzi. Nthawi ili 4:25 anawatseka maso.

Bwana anauza oimba kuti aziimbabe. Gawo lachiwiri linayamba pa nthawi yake ndi anthu oyenda pachingwe. Mayi Berki anabwera ndi bulangete la agalu awo n'kufunditsa malemu. Ine ndinakhala pabokosi, ndisanavule miyendo ya hatchi, mpaka apolisi anafika cha m'ma 5 koloko. Mayi Berki sindikuwaimba mlandu pa zimene akuuzani. Anena zimene anamva.

Mwandifunsa za kabotolo. Ndinathira madontho khumi ndi asanu, osapitirira. Dzina la sitolo lili papepala lomatidwa pa kabotoloko, wogulitsayo akhoza kundizindikira. Mukaona kuti mankhwala achepa kuposa pamenepo, ndi chifukwa chakuti Loweruka madzulo ndinamwako ndekha madontho khumi ndi asanu kuti ndione ngati sapweteka munthu. Anangondiwawa pakamwa.

Mwandifunsa ngati pali chimene ndipindule ndi imfayi. Katundu wa malemu ndi sutikesi imodzi ndi theka la hatchi. Mwandifunsanso za achibale awo oti muwadziwitse. Makolo awo anamwalira kale, mchimwene wawo sanabwereko kunkhondo. Watsala ndine. Ndikupempha kuti mtembo ukapimidwa mundipatse ndipite nawo ku Kiszombor.

Funso lomwe mwandifunsa kawiri ndi lakuti n'chifukwa chiyani sindinakuwe pasiteji pomwepo. Ndikanatha. Pakamwa panga panalibe chotseka, nsalu ya pamimba pa hatchi ndi yopyapyala, ndipo Jenő anali pafupi poti ndikanamugwira mwendo. Jenő akuti kuyambira pomwe tinagwa kufika pomwe anadula zingwe panadutsa mphindi zinayi. Wotsogolera oimba akuti nyimbo ija anaiimba katatu, ndipo zikugwirizana. Dokotala anali mamita osakwana khumi ndi asanu kuchokera pomwe tinagona. Alamu anandiuza kuti ndisakuwe, koma amene anasankha kuwamvera ndine. Mulembe choncho.

Dokotala asanachoke ndinamufunsa ngati mphindi zinayizo zikanasintha kanthu. Anayang'ana malemu, anandiyang'ana ine kuyambira kumaso mpaka kuziboda, nati mtima wotere nthawi zina umadikira, nthawi zina sudikira, ndipo iye sangalumbirire mbali iliyonse. Ndinamufunsa kachiwiri. Anati ana ake akumudikira.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera zonse, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Dezső Rigó ______________________
Miskolc, Lolemba pa 16 Novembala 1931